Thabwa la maina

Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga, koma maina amene ankasunga m'mutu sakanakwana m'kaundula wa sukulu. Mbandakucha, kumzikiti wa ku Linga akangoitana anthu kukaswali, iwonso ankadzuka, ngakhale anali a Anglican obatizidwa ku All Saints. Ankagwada pamphasa n'kuyamba kutchula anthu mmodzimmodzi, mokweza, ife adzukulu tikumvera m'bulangete.

Oyamba nthawi zonse anali a panyanja: amalume, siginala wawo woyatsa nyali zokopera usipa, ndi anyamata onse okoka chilimira, Akhristu ndi Asilamu omwe, popeza onse ankakwera boti limodzi. Kenako odwala ogonekedwa ku St Anne's, amayi oyembekezera, ndi amuna amene anapita ku Theba osalembanso kalata. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukakalipa, pemphero linkatalika mpaka dzuwa kutuluka kutsidya. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake ankaopa nyanja chotero. Anandigwira dzanja Lamulungu lotsatira n'kundionetsa manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 n'kuikidwa kuno. Anangoti, "Awa anali bishopu, mdzukulu wanga. Nanga amalume ako?"

Agogo atatisiya, mainawo anapita nawo. Palibe mwa ife amene anali ndi mutu ngati wawo, ndipo moyo unali utasintha kale. Theba inatha, koma anyamata sanasiye kupita ku Joni, tsopano pabasi. Nyali za palafini zinalowedwa m'malo ndi za mabatire. Nkhotakota Community Radio inayamba kutiuza za maliro ndi za mphepo ya panyanja, kenako foni zinafika m'thumba la aliyense.

Foni sindiinyoza ayi. Alendo atayamba kuthamangitsidwa ku South Africa mu 2015, tinamva mawu a mphwanga, amene anali kumeneko, usiku womwewo kuti ali moyo, pamene agogo akanadikira miyezi. Pa gulu lathu la WhatsApp la kutchalitchi, wina akalemba kuti "tiwapempherere", pasanathe ola anthu makumi angapo amakhala atayankha Ameni. Koma pofika madzulo, dzina lija limakhala litakwiririka pansi pa zithunzi za ukwati ndi uthenga wa zopereka.

Mu 2022, kolera itavuta m'mbali mwa nyanja, mayi wina wa kumpingo kwathu analemba kuti mwana wake wagonekedwa. Ndinayankha Ameni ndili mu minibasi. Patapita milungu itatu tinakumana pamsika, iwo n'kundigwira manja onse awiri: "Zikomo achimwene potipempherera, mwana uja wachira." Ine dzina la mwanayo ndinali nditaliiwala, ndipo sindinagwadepo ngakhale kamodzi chifukwa cha iye. Ndinalandira kuthokoza kwa ntchito imene sindinagwire, ndipo manyazi a tsikulo sanandichokebe.

Kuseri kwa nyumba ya amalume kunali boti lakale loguga. Ndinazulako thabwa limodzi, kalipentala anandipalira, ndinalipaka penti yakuda n'kulikhoma pafupi ndi khomo, pomwe aliyense amadutsa potuluka. Ndi choko ndinaligawa patatu monga ankachitira agogo: a panyanja, odwala, akutali. Mkazi wanga anawonjezera kamzere pansi, ka zoyamika, ponena kuti m'nyumba mwathu tisamangopempha.

Lamulo lake ndi limodzi. Dzina silifufutidwa tisanafunse za mwini wake. Zimenezi zandiyendetsa kwambiri. Dzina likakhala pathabwa milungu iwiri limayamba kukuyang'ana, ndiye umatenga njinga kukazonda, kapena kuimba foni ku Johannesburg ndi mayunitsi ako omwe. Ndazindikira kuti agogo sankaiwala maina chifukwa masana ankayenda khomo ndi khomo, kufunsa amene wagona bwanji, atanyamula kamtanda ka kondowole kapena usipa pang'ono pambale. Chimene ankatchula mbandakucha chinali chimene anaona ndi maso dzulo lake.

Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024, anthu n'kuthawira m'misasa, thabwa linadzaza mpaka tinalemba ndi kumbuyo komwe. Mwana wanga wamng'ono, amene anali atangoyamba sitandade 2, ndiye ankawerenga mainawo, akumagwa pa ena, ife tikumuthandiza. Anthu ena anawadziwira pathabwapo asanawaone nkhope.

Chovuta ndi pamene munthu wamwalira. Dzina la amalume linasamuka kuchoka pa a panyanja kupita pa odwala, n'kukhala pamenepo miyezi isanu. Titabwerako kumanda palibe amene anafuna kulikhudza. Linakhala mlungu wathunthu, mpaka mkazi wanga ananyowetsa chala, n'kulifufuta, n'kulilemba pansi pa zoyamika.

Mwera unayamba usiku, ndipo lero m'mawa kumzikiti ataitana ndinamva mafunde akumenya kugombe. Pamzere wa a panyanja pali maina asanu ndi limodzi, awiri ndi ana a mnansi wathu Msilamu. Tawatchula onse. Ndikangomwa tiyi ndipita kudooko kukaona ngati boti lawo lakocheza.