Malo Ano Sakugulitsidwa

Masiku ano ukadutsa ku Area 49 kapena cha ku Chileka, mipanda ndi nyumba zosamaliza zalembedwa ndi penti wofiira: "Malo ano sakugulitsidwa." Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 sitinkaona zotere. Kalelo wofuna malo ankanyamula nkhuku kupita kwa nyakwawa, malire n'kuyendedwa dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona, kenako n'kudzalapo nkhadze. M'tauni anthu ankadikira nyumba za Malawi Housing Corporation pamndandanda. Kudikirako kunali kowawa, koma unkadziwa khomo loti ukagogode. Kumudzi wofuna malo ankatetezeka chifukwa wopereka malo anali wodziwika: kwawo, ankhoswe ake, ngakhale manda a makolo ake.

Lero pakati pa mwini malo ndi wogula palowa dobadoba, ofesi yake ili m'thumba. Amaika chithunzi cha nyumba ya eni pa Facebook, n'kuitanitsa "ya kuonera" pa Airtel Money kapena Mpamba. Puloti imodzi amagulitsa kwa anthu atatu, ndipo akamadzakumana atatuwo aliyense ndi njerwa zake, nambala ya foni ya dobadobayo inazima kalekale. N'chifukwa chake ndimati chiphaso cha ejenti wogulitsa malo chikugwira ntchito imene mudzi unkagwira. Wolembetsedwa mwalamulo ali ndi dzina m'kaundula, ofesi yoti mukam'pezeko, ndi chiphaso choti angalandidwe akachita zachinyengo. Dobadoba amangotaya simu khadi.

Ena amati maejenti ovomerezeka ndi a mabwana a ku Area 10 ndi Namiwawa, wofuna chipinda ku Ndirande sangawafikire. Sakunama. Enanso amakumbutsa kuti kale mafumu ena ankagawa malo kawiri. Inde, koma mlandu unkathera pabwalo, wolakwayo atakhala pansi pompo. Ngati ndi kachipinda ka lendi, dobadoba akuperekezeni, koma ndalama mupereke m'manja mwa landilodi mutalowa m'nyumbamo. Puloti ndiye ina. Tengani nambala yake mukafufuze ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ngati dzina la pachikalata lilidi la wogulitsayo. Ngati ali malo a makolo, kaonaneni ndi amfumu komanso abale a wogulitsa. Kaoneni mabikoni ndi maso anu, mufunsenso oyandikana nawo malowo. Wina akamakufulumizitsani kuti "pali munthu akubwera ndi kashi mawa", musiyeni munthu wakeyo agule.