Musandiuze za i5, ndiuzeni chipset

Anyamata ogulitsa makompyuta otchipa achuluka kuno ku Ulongwe, ndipo nyimbo yawo ndi imodzi: "Ndi i5 iyi, bwana." Munthu wagulitsa mbatatesi ya chaka chonse, akangomva i5 amawerenga mametikali osafunsanso. Pakapita miyezi iwiri kompyuta ija imafika pakhomo panga itamangidwa panjinga. Zimandiwawa.

Ine ndikatsegula, maso anga amathamangira pa bolodi lalikulu, lomwe kuno timati placa-mãe, kufuna dzina la chipset. Iyeyo ndiye nyakwawa wa m'bokosimo: amanena purosesa yoti ilowe ndi yoti ikhale kunja.

Pamene ambiri amagwera ndi pa H110 ndi H310. Onse awiri soketi yawo imatchedwa LGA1151, ndipo purosesa imakhala bwinobwino pa onse. Koma H110 amalandira m'badwo wa 6 ndi wa 7 wa Intel, pomwe H310 amalandira wa 8 ndi wa 9. Mukasinthanitsa, kompyuta imangoti zii. Nkhaniyi yakula tsopano, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Wogula H110 lero wagula munda wopanda pofutukulira.

Pa mabolodi akale, mtima wanga uli pa B75 wa 2012. H61 ndi wotchipa, inde, koma chipset yake ilibe USB 3.0, ndipo SSD imayenda mopunduka pa SATA yake. B75 ali ndi USB 3.0 komanso SATA yothamanga. Amayi a fotokope ndi ana a ku UniZambeze osunga zolemba zambiri ndimawalozera ameneyo ngati thumba lachepa. Ena amati, "Achimwene, mukudulitsa." Ndimawauza kuti akafunse mtengo wa ulendo wa ku Lilongwe kudzera pa Dedza kukasaka bolodi lina.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi abambo ena achikulire ku Tete, omwe anayambira pa mawayilesi. Kutentha kwa kumeneko, ine wa kumapiri, kunkandifoola, koma iwo ankakhala tsiku lonse ataweramira tebulo, thukuta lili kamukamu. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira chowotcherera. Ntchito yanga inali kupukuta fumbi ndi kuwerenga mokweza zilembo za pa bolodi lililonse. Tsiku lina ndinakakamiza purosesa n'kupinda timapini ta soketi. Sanakalipe. Anandipatsa singano ndi galasi lokulitsira, n'kundikhazika pakhomo pomwe pali kuwala. Ndinawongola kapini kamodzikamodzi mpaka dzuwa kulowa, iwo akumwa tiyi pambali. Bolodi litayaka anangoti, "Mwana wanga, mawa ubwere m'mamawa."

Galasi limenelo ndi lomwe ndimawerengera zilembo za chipset mpaka lero, ngakhale chogwirira chake chinathyoka kalekale.