Za M'mene Ndinaphunzirira Ndodo Nditakula Kale

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Zambia. Ndagwira choko zaka zoposa 20, ndipo pa zaka zonsezi ndinazolowera kuti ndikaima kutsogolo, ena akhale pansi ndi kumvera. Nkhani imene ndifuna kukusimbirani ndi ya m'mene ndinasandukira wophunzira wotsalira m'mbuyo mwa onse, imvi zitayamba kale m'mutu mwanga, ndi m'mene ndinathawira phunzirolo chifukwa cha manyazi.

Zimene ndinaona pa Boma

Kumapeto kwa mwezi wa July 2024 ndinapita ku Boma pa za ntchito, ndipo ndinagona kwa mnzanga amene ali ndi wailesi yakanema. Masiku amenewo kunali masewera aakulu a Olimpiki mumzinda wa Paris ku France. Titatha kudya madzulo, tinaona amuna awiri ovala zoyera thupi lonse, nkhope zawo zobisika m'zisoti za waya, aliyense atagwira lupanga lopyapyala ngati bango. Anali kupirikitsana pa kanjira kowongoka, wina kutsogola, wina kubwerera chambuyo, ndipo mwadzidzidzi nyale inali kuyaka. Chimene chinali kuyatsa nyaleyo ine sindinachione, pakuti manja awo anali ofulumira koposa maso anga.

Masewera amenewa Angerezi amawatcha fencing. Anachokera ku mwambo woipa wa ku Ulaya, wakuti amuna awiri akanyozana ankapangana tsiku lokamenyana ndi malupanga, ndipo ambiri anafa motero. Pophunzira kamenyedweko ankagwira malupanga obuntha, ndipo m'kupita kwa nthawi phunzirolo linasanduka masewera. Akhala akuchitika pa Olimpiki chiyambire 1896 ku Athens, ndipo bungwe losunga malamulo ake linakhazikitsidwa ku Paris mu 1913.

Kanjira kamene amasewerapo nkotalika mamita 14. Malupanga alipo a mitundu itatu. Ndi lupanga lotchedwa foil mumakhudza mnzanu ndi nsonga yokha, pachifuwa, pamimba kapena kumsana. Ndi épée mumakhudzanso ndi nsonga, koma paliponse, ngakhale pa chala cha kuphazi. Ndi sabre mungakhudze ndi nsonga kapena ndi mbali ya lupanga, kuyambira m'chiuno kupita kumwamba. Nsambo yamagetsi ndiyo imayatsa nyale lupanga likakhudza, ndipo pa mpikisano waukulu amene wayamba kukhudza mnzake ka 15 ndiye wapambana. Anthu a mu Africa nawonso anatchuka ku Paris. Fares Ferjani wa ku Tunisia anakhala wachiwiri pa sabre, ndipo Mohamed El-Sayed wa ku Egypt anakhala wachitatu pa épée.

M'nyumbamo munali amalume ake a mnzangayo, Mngoni wa zaka zoposa 70, amene anabwera kudzagulitsa mtedza. Iwo anali chete pa mphasa. Kenaka analoza ndi chala nati, "Uyo wa kumanzereyo agonja. Mtima wake wapsa. Akuponya phazi patali, thupi nkutsala poyera." Sipanapite nthawi, munthu uja anagonjadi.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, mwadziwa bwanji, popeza masewerawa mwawaona lero?"

Anayankha kuti, "Aphunzitsi, zovalazo ndi nyalezo ndaziona lero. Koma mapaziwo ndinawaona kubusa ndili mwana."

Kumene ndodo inachokera

Angoni anachokera kumwera kwa Africa. Anawoloka Zambezi mu November 1835, pa tsiku la kadamsana, mtsogoleri wawo ali Zwangendaba. Iye atamwalira mtunduwo unagawikana, ndipo anthu a Mpezeni anadzakhazikika kudera kumene lero kuli Chipata, ena nafikira kuno kwathu, kumene tili ndi mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni. Mnyamata wa Chingoni ankaphunzira kutchinga ndi kumenya ndi ndodo akuweta ng'ombe, kuti akadzakula chishango ndi nthungo zisadzakhale zachilendo m'manja mwake.

Mu January 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Boma lathu lino m'masiku a Atsamunda linkatchedwa Fort Manning. Kuyambira pamenepo chishango chinatsala cha pa gule wa ingoma. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka itatha nkhondoyo, unayambikanso mu 1980, ndipo umachitika ku Mtenguleni m'mwezi wa February. Koma masewera a ndodo akuzilala, pakuti anyamata ambiri tsopano amakhala m'kalasi pa nthawi imene makolo awo ankakhala kudambo. Ku South Africa, pakati pa Azulu ndi Axhosa, akalipobe, ndipo Nelson Mandela analemba kuti iyenso anawasewera ali mwana kumudzi.

Ine ndine Mchewa, ndipo ndinakulira m'nyumba za pa sukulu, pakuti bambo anga analinso mphunzitsi. Ng'ombe sindinawetepo. Ndodo zimene ndinkazidziwa ndi zimene ndinkalanda anyamata pa chipata cha sukulu nkuzitentha. Tsono usiku umenewo ndinati mwanthabwala, "Agogo, mudzandiphunzitse." Iwo sanaseke. Anati, "Mudzi wathu suli patali ndi sukulu yanu. Mubwere Loweruka."

Phesi la chimanga

Ndinapita nditatenga ndodo yanga yabwino yoyendera. Agogowo anaiyang'ana, naiimika pakhonde, nandipatsa mapesi awiri a chimanga. "Ana onse amayambira apa," anatero.

Phesi la kudzanja lamanzere mumaligwira pakati, choimika. Limenelo ndilo nyumba yanu, ndipo ntchito yake nkutchinga mutu, nthiti ndi miyendo. La kumanja mumaligwira kumapeto, ndilo lomenyera. Anandiuza kuti maso asatsate ndodo ya mnzanga, pakuti ndodo imanyenga. Ayang'ane phewa, chifukwa phewa limayamba kusuntha ndodo isanabwere. Mapazi asapingasane, ndipo maondo akhale opindika pang'ono.

Anandipatsanso malamulo. Usabaye ndi nsonga. Usamenye munthu amene wagwa kapena amene wataya ndodo. Usasewere utamwa mowa, kapena ndi munthu amene muli naye mlandu. Mkulu akati "Basi!" ndodo zonse zitsike. Ndipo ukavulaza mnzako, iwe ndiwe wotunga madzi omutsukira bala. Pambuyo pake ndinapeza kuti a malupanga aja alinso ndi malamulo ofanana. Amapatsana ulemu asanayambe, amaima woweruza akalamula, ndipo pa foil ndi sabre munthu amene waukiridwa ayenera kuyamba wapatutsa lupanga la mnzake asanabwezere.

Masabata atatu sanandilole kumenya ngakhale kamodzi. Ntchito yanga inali kutchinga basi. Kunena zoona, ndinkadandaula mumtima, poganiza kuti munthu wodziwa mabuku sayenera kuchedwa chotero.

Tsiku limene ndinagwa

Loweruka lachinayi anatulutsa nsungwi zopyapyala, naitana mdzukulu wawo wa zaka 12, wophunzira wa pa sukulu yanga yomwe. Mnyamatayo anazyolika nati, "Agogo, awa ndi aphunzitsi athu." Iwo anati, "Pano mphunzitsi ndine. Menya."

Nsungwi inalira pa msongolo wanga, thwa! Ndisanakonzeke inaliranso pa nthiti. Amayi ochokera ku mjigo anatula ndowa zawo kuti aonerere, ana anadzaza bwalo, ndipo phwete linamveka. Pamenepo mtima wanga unapsa. Ndinaiwala dzanja lamanzere, ndinaiwala mapazi, ndinalumpha kuti ndimumenye mwana uja mwamphamvu. Iye anangolewa. Ine ndinagwa chafufumimba m'fumbi, magalasi anga nagwera kutali. Mudzi wonse unaseka.

Sukulu itatsegulidwa mu September, ndinaona ana pa mzere wa m'mawa akubisa pakamwa ndi manja. Akazi anga anandiuza kuti, "Abambo, mukutichititsa manyazi. Ndodo asiyireni abusa." Ndinavomera mosavuta. Masabata asanu sindinapondeko kumudzi kuja, ndipo ndinatumiza mawu akuti ntchito yandichulukira.

Mawu a pa chigayo

Pa sukulu yathu pamakumana sukulu ya kwacha masana, ana akaweruka. Ambiri amene amabwera ndi amayi. Chaka chimenecho kunabweranso bambo wina wa zaka ngati 50, mlimi wa mtedza, amene ankafuna kudziwerengera yekha manambala a pa sikelo ndi kulemba dzina lake, kuti aleke kudinda ndi chala. Tsiku lina ana anasuzumira pa zenera namuona akulimbana ndi chilembo chimene iwo anachidziwa ali mu Sitandade 1, ndipo anaseka. Bamboyo sanabwerenso. Ine ndinamutsatira kwawo, ndipo ndinamulankhula mawu ambiri. Ndinati manyazi sagula kanthu, kuphunzira sikutha, ndipo mwamuna sathawa kuseka kwa ana. Iye anangoti, "Ndamva, Aphunzitsi."

Tsono mu October ndinakumana naye pa chigayo. Titapatsana moni, anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, ndamva kuti nanunso mwasiya sukulu. Kodi ana anakusekani?"

Sanalankhule monyoza ayi. Analankhula monga munthu wopepesa mnzake amene wadwala matenda omwe iye anadwalapo. Ine ndinasowa choyankha. Pobwerera kunyumba ndinakumbukira mwambi wa makolo wakuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Zaka zonse zija ndinkauza anthu akulu kuti alimbe mtima, koma katundu amene ndinkawasenzetsa ndinali ndisanamunyamulepo. Ine ndinasekedwa tsiku limodzi, pa chinthu chosewera, ndipo ndinathawa. Bamboyo ankapirira masana aliwonse, dzanja lozolowera khasu likunjenjemera ndi pensulo.

Kubwerera

Loweruka lotsatira ndinapita. Agogowo sanandifunse kumene ndinali. Anandipatsa nsungwi nati, "Tsiku lija munayang'ana anthu oseka. Mukanayang'ana phewa la mwanayo simukanagwa." Mawu awo anathera pomwepo.

Oonerera anabweranso, ndipo anasekanso. Loweruka lachiwiri anachepa. Lachitatu panatsala ana anayi okha ndi galu. Apa ndinaphunzira chinthu chimene palibe anandiuzapo, chakuti oseka amatopa msanga. Ali ndi minda yawo ndi madzi oti atunge, ndipo munthu amene amabwera tsiku ndi tsiku amasiya kukhala nkhani.

Ndinayamba kudzuka mbandakucha ndi kuyeseza mapazi kuseri kwa nyumba mphindi 15 belu lisanalire. Mu December, mvula itayamba, ndinatchinga nsungwi ya mnyamata uja katatu motsatizana, ndipo kachinayi ndinamukhudza paphewa. Agogowo anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Ndinakondwa tsiku limenelo koposa tsiku limene ndinalandira kalata yondikweza pa ntchito.

Musaganize kuti tsopano ndine katswiri. Tikasewera kakhumi, mnyamatayo amapambana kasanu ndi katatu. Koma msana umene unkandivuta chifukwa chokhalitsa pa mpando wapepuka, ndipo sindifulumiranso kupsa mtima monga kale. Ulemu wanga pa sukulu sunachepe. Mnyamata amene amandikwapula Loweruka amandilandira chikwama Lolemba monga mwa nthawi zonse. Lamulo loletsa ndodo pa sukulu sindinalichotse, chifukwa ife tilibe zisoti za waya zija, ndipo diso likaphulika silimeranso. Masewera otere afunika mkulu woyang'anira.

Pa za sukulu ya kwacha, tinasamutsira kalasi ya akulu kuchipinda chakumapeto, ndipo ana saloledwa pabwalo nthawi imeneyo. Ndinapitanso kwa bambo uja. Ulendo uwu sindinamulangize kanthu. Ndinamuonetsa mikwingwirima ya pa msongolo, ndi kumuuza kuti ndabwerera. Anaseka kwambiri. Atakolola mu May 2025 anabwereranso m'kalasi, ndipo tsopano amalemba dzina lake yekha pogulitsa mtedza. Abambo ena awiri amene anasiya chaka chomwecho sanabwerebe kufikira lero.

Anzanga amene mukuwerenga kabuku kano, inu mwadutsa kale pamalo pamene ine ndinathawa. Munakhala pa benchi la ana, munalakwitsa zilembo pamaso pa anthu, ndipo munabweranso m'mawa mwake. Mwina m'mudzi mwanu alipo mnzanu amene anasiyira panjira. Mukapita kwa iye musamuchulukitsire malangizo monga ndinachitira ine. Mutenge kope lanu loyamba, lija la zilembo zokhota, mukamuonetse, ndipo mukamuuze tsiku ndi ola limene kalasi ikumana.