Nsomba ya m'galasi isakutayitseni moyo

Ana anga, sabata ino ndikufuna tikambirane nkhani imene ena muiona ngati ya azungu. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka pamene inalowa m'nyumba ya mwana wanga yemwe.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Durban, ndipo mu 2019 ndinapita kukawaona. Pabalaza ndinapeza chithanki chagalasi chodzaza madzi amchere, mkati muli tinsomba tamawangamawanga, tina tachikasu, tina tabuluu. Zonsezi zinayamba chifukwa mdzukulu wanga anaonera filimu ija ya Finding Nemo ya mu 2003, n'kuyamba kulirira nsomba yakeyake. Mkamwini wanga, amene anaphunzira kubira pansi pa nyanja ndi silinda ya mpweya kumsana, anadula chiphaso cha boma n'kumakagwira yekha nsombazo.

Loweruka lina anabwerako akudandaula phewa. Mkazi wake ankati n'kutopa chabe, amwe panado agone. Koma nditaona kuti dzanja lachita dzanzi ndipo pakhungu patuluka zidzolo zoyabwa, mtima unandigunda. Ndinafunsa kuti, “Bambo, kodi lero mwatuluka bwanji m'madzimo?” Anavomera kuti anatanganidwa ndi kuthamangitsa kansomba kena, osayang'ana geji. Pozindikira mpweya unali utatsala pang'ono, ndiye anangoti vuu kutulukira pamwamba.

Pa zaka zonse zimene ndinagwira unamwino sindinasamalepo wodwala wotere, koma zizindikirozo ndinazikumbukira. Ndikufotokozereni. Mamita 10 aliwonse amene munthu watsika, madzi amawonjezera kumupanikiza ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene umatipanikiza kumtunda kuno. Pamenepo mpweya wa naitirojeni umene akupuma umasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Akakwera pang'onopang'ono, mpweyawo umatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo. Akakwera mothamanga, zimakhala ngati mwakhutchumula botolo la Fanta n'kulitsegula: thovu lokhalokha. Thovulo likakhala m'mfundo limapweteka, likafika mu msana kapena mu ubongo munthu atha kufa ziwalo, ngakhale kumwalira kumene.

Tinamugoneka chagada n'kuitana ambulansi. Anamupatsa okosijeni, kenako kuchipatala anamulowetsa m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya momwe anakhalamo maola angapo. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma sindiiwala nkhope ya mwana wanga usiku umenewo, ali pabenchi ndi pakati pa miyezi 7, akundifunsa kuti, “Amayi, kodi ndikhala wamasiye chifukwa cha nsomba?”

Kansomba kaja nako sikanafike Lolemba. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo mukazikweza mofulumira kathumbako kamatupa, nsomba n'kumangoyandama chagada. Ndiye taonani, kuthamanga komwe kuja kunapweteka onse awiri, wogwira ndi wogwidwa. Akuluakulu sananame, kuthamanga si kufika.

Musati izi n'za ku Joni zokha. Yathu ya Malawi ndi nyanja ya madzi opanda mchere, koma ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay anthu amabira ndi masilinda, ndipo mbuna zathu zimawetedwa m'magalasi ku Ulaya ndi ku America. Thupi silisankha madzi, thovu lija limachitika chimodzimodzi.

Tsono inu abambo amene mtima uli dyokodyoko kufuna kuyesa, imvani. Yambani mwaphunzira kwa mlangizi wovomerezeka, ndipo ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, onanani kaye ndi dokotala. Musabire nokha. Geji ya mpweya ikhale patsogolo, nsomba pambuyo. Pokwera musasunge mpweya m'chifuwa, ndipo mukafika pa mamita 5 imani mphindi zitatu. Musakwere ndege pasanathe maola 12 mutabira kamodzi, kapena maola 18 ngati mwabira kangapo. Ngakhale kukwera phiri pa galimoto tsiku lomwelo, monga kuchoka kunyanja kupita ku Dedza, n'kuika moyo pachiswe. Inu amayi oyembekezera, dikirani muchire kaye. Ndipo wanu akabwera kunyanja akudandaula mfundo, dzanzi kapena chizungulire, musathamangire panado. Pitani kuchipatala ndipo mukanene kuti anabira.

Dziwaninso kuti si paliponse pamene mungagwire nsomba. M'madzi otetezedwa a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, simungatole mbuna mwachisawawa. Ku South Africa nakonso pamafunika chiphaso.

Kwa makolo amene ana akulirira thanki ya nsomba za m'madzi amchere, werengerani kaye mtengo wake. Madziwo amafuna mchere wapadera pafupifupi magalamu 35 pa lita, osati wa kukhitchini. Azikhala ofunda madigiri pafupifupi 25, ndipo thanki yatsopano imafuna milungu ingapo isanalandire nsomba. Magetsi akazima nthawi yaitali, pampu imaima, nsomba n'kubanika. Pogula funsani kumene zachokera, chifukwa ku Philippines ndi ku Indonesia ena amazigwira pozikomola ndi poizoni wa cyanide, amene amaphanso matanthwe amoyo a m'nyanja. Mtundu wa Nemo uja masiku ano amauswetsa m'mathanki, ndipo woswetsedwawo ndiye wopirira bwino pakhomo.

Sindikuletsa munthu kusangalala ndi zolengedwa za Mulungu, ayi. Mkamwini wanga anabwereranso m'madzi adokotala atamulola, koma tsopano amanyamula kamera m'malo mwa ukonde. Nsomba amazijambula n'kuzisiya kwawo. Ana ake amaonera zithunzizo atakhala pamiyendo pake, ndipo ine ndikaimba foni Loweruka madzulo, amayankha ndi iye mwini.

Musanamange silinda kumsana, yang'anani kaye amene mukuwasiya pakhomo. Tionane Lamulungu likudzali.