Phewa la Wocheka Matabwa

Ntchito yocheka matabwa ndinaiphunzira kwa atsibweni anga kufupi ndi Kamwendo, m'masiku amene njanji inali itangofika ku Mchinji m'chaka cha 1980, pamene milombwa ndi mibawa inali isanasowe monga yasowera lero, kufikira kuti tatsala ndi bulugama. Sowo wathu ngwa anthu awiri: wina aima pamwamba pa chipika natsata mzere wa makala, mnzake aima m'dzenje utuchi ukumugwera kumaso; ndipo onse awiri, kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka, akweza manja kupitirira mutu ndi kuwatsitsanso kosawerengeka.

Chaka china tinalandira ntchito ya matabwa a denga la tchalitchi, mvula ili pafupi, ndipo ine, pokhala mnyamata wonyadira mphamvu zake, ndinayesa kunola sowo ngati kutaya nthawi. Atsibweni, amene ankamva kubuntha kwa sowo ndi khutu lokha, anati, "Mphwanga, sowoyu walema, khala pansi, utenge tupa." Ine ndinati, "Atsibweni, timalize chipika chino chokha." Chipikacho chinabala chinzake, ndipo pakutha pa sabata phewa langa lamanja linayamba kundiluma, poyamba pokweza mkono pokha, pambuyo pake ndi usiku womwe, kotero kuti sindinathe kugonera mbali imeneyo, ngakhale kupisa mkono m'malaya popanda mayi a kunyumba kundigwirira. Mawu a akulu akoma akagonera.

Anthu achifundo ananditema mphini, koma ululu sunasunthe. Ku chipatala ndiko ndinamva chimene ndikadakonda kuti mmisiri aliyense achimve. Sing'anga anandiuza kuti fupa la ntchafu likhala m'chiuno monga munsi mumtondo, mozama ndi mokhazikika. Koma fupa la mkono lingotsamira pa kambale kosaya, kuti mkono uzitha kuzungulira mbali zonse, ndipo cholisunga pamenepo ndi timinofu tinayi, timene mitsempha yake idutsa pampata wopapatiza pansi pa fupa la pamwamba pa phewa. Munthu akakweza mkono kambirimbiri, makamaka atalema, mitsemphayo ikhulana ndi fupalo, nitupa, nthawi zina ning'ambika pang'ono. Anandilamula kuleka ntchito yokweza manja kwa masabata angapo, kuika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pamalo potupa, komanso, chimene chinandidabwitsa, kusamangirira mkono pachifuwa masiku ambiri, pakuti phewa losayendetsedwa limauma. M'malo mwake ndiziwerama, mkono uli lende, ndi kuuzunguza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Matabwa a tchalitchi aja anamaliza ndi ena.

Kuyambira pamenepo ndigwira ntchito mwa njira ina. Sowo ndimnola asanandipemphe, ndi kupinda mano ake mofanana, lina uku lina uko, kuti asapanike m'mtengo, chifukwa sowo wakuthwa atsika ndi kulemera kwake, pamene wobuntha afuna kukankhidwa, ndipo chokankhacho ndi phewa. Wa m'dzenje ndi wa pamwamba timasinthana. Mphamvu ndiitenga m'miyendo ndi m'chiuno, zigongono zili pafupi ndi thupi. M'mawa wa mwezi wa Juni, pamene chisanu cha kuno chiumitsa zala, ndiyamba ndi ntchito zopepuka kufikira thupi litafunda. Chipika sitinyamula paphewa. Tichikunkhuniza ndi mitengo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Zimandimvetsa chisoni kuona anyamata a masiku ano pa msewu wa ku Mwami, akukweza okha matumba a mtedza ndi soya pamwamba pa galimoto, kapena kukoka njinga yodzaza matabwa ndi dzanja limodzi. Akamva kuwawa ameza mapiritsi nabwerera pomwepo, osadziwa kuti atontholetsa mlonda amene amawachenjeza.

Inu amisiri anzanga, ndi inu amayi amene musinja ndi kusenza, phewa likapweteka masabata awiri osaleka, kapena mkono ukakanika kukwera mutagwa, kapena phewa likasintha maonekedwe, kapena dzanzi likatsikira ku zala, musalole munthu kulikoka kumudzi, pitani kuchipatala. Ndipo ululu wa mkono ukadza pamodzi ndi kuthina pachifuwa ndi thukuta, umenewo ungakhale wa mtima; musadikire kuti kuche.