Zaka Zimene Kanema Anazisiya

Ambiri timakonda nkhani ya munthu wogona ali wosauka n'kudzuka ali katswiri. Kanema wa Invincible, wa mu 2006, ndi wotero. Amakamba za Vince Papale, amene analowa timu ya Philadelphia Eagles mu 1976 ali ndi zaka 30, pa mpira wa ku America uja wogwira ndi manja, wogundana ngati nkhosa zamphongo.

Kanemayo amatisonyeza wogulitsa mowa m'bala amene mwayi unangomugwera. Komatu pali zaka zimene anazisiya. Papale anali katswiri wa masewera olumpha pa yunivesite ya Ayezuiti ya Saint Joseph's, ndipo mu 1974 ndi 1975 ankasewera kale mu timu ya Philadelphia Bell. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti mnyamata wa kuno ku Mulanje, wothyola tiyi tsiku lonse, akaonera zotere amayesa kuti chomwe akusowa ndi tsiku limodzi lamwayi, choncho kandalama kake amakataya ku juga ya mpira.

Ngakhale Temwa Chawinga wathu, amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ku America mu 2024, anayamba wavutikira ku Sweden ndi ku China.

Luka Woyera akuti Ambuye Yesu anayamba ntchito yao ali ndi zaka ngati 30. Za nthawi ya ku Nazareti zinalembedwa pang'ono chabe, koma atabwererako kukaphunzitsa, anthu akwao anawakumbukira ngati mmisiri wa matabwa.