Chithunzi cha agogo chimene chinabisala m'kompyuta

Agogo anga akuchikazi sankafuna kujambulidwa. Akangoona munthu wanyamula kamera ankaphimba nkhope ndi chitenje n'kumati, "Mukufuna mukandionetse kwa yani?" Choncho atamwalira tinazindikira mochedwa kuti panyumba panalibe chithunzi chawo, kupatula kakang'ono ka pachiphaso komwe kanali katasuluka kale.

Pa tchuthi chapitachi banja linagwirizana zomanga chiliza, ndipo amayi anafunitsitsa kuti tsikulo pakhale chithunzi cha agogo m'felemu. Amalume, amene ntchito yawo ndi yojambula mavidiyo a maukwati, anakumbukira kuti pa ukwati wa msuweni wanga anawajambula agogo mwakabisira zithunzi zingapo ndi kamera yomwe ija ya vidiyo. Tsoka lake, kakhadi ka m'kameramo anali atakafufuta kalekale n'kujambulirapo maukwati ena.

Chiyembekezo chinatsala pamodzi pokha. Amalume amakonzera mavidiyo awo pa kompyuta ya Mac, ndi pulogalamu yotchedwa Final Cut Pro. Pulogalamuyi ili ndi njira yokopera zonse za pakhadi n'kuzisunga ngati m'nkhokwe munthu asanafufute, ndipo nkhokweyo amaitcha Camera Archive. Mwamwayi khadi la ukwati uja anali atalisunga motero. Koma titatsegula nkhokweyo m'pulogalamumo, tinasochera pakati pa mavidiyo ambirimbiri, zithunzi osazipeza. Titakaiyang'ana pamene inasungidwa, inkaoneka ngati fayilo imodzi yokha, dzina lake lothera ndi .fcarch. Amalume anagwira chibwano n'kunena kuti, "Mphwanga, basi, zinapita."

Kunena zoona, ine sindine katswiri wa makompyuta. Anzanga a m'kalasi akuchitira umboni. Chimene chinandikaniza kugonja ndi kukula kwa fayiloyo komanso mawu akuti imasunga zonse za pakhadi. Ngati ndi zonse, zithunzi zingatsale bwanji? Amalume atapita kukadya nsima, ine ndinatsalira. Ndinagwira batani lolembedwa Control n'kudina pafayilo paja, ndipo panatuluka mndandanda wa zinthu zoti ndisankhe. Pakati pake panali mawu akuti Show Package Contents. Mtima unagunda, poti kompyutayo ndiye khasu la amalume, ndipo ndikanaononga kanthu sindikanadziwa kolowera. Ndinadinabe.

Anzanga, fayilo ija sinali fayilo wamba ayi. Inali ngati mtolo womangidwa bwino, m'kati mwake muli mafoda monga momwe analili pakhadi. Foda ina inali ya mavidiyo. Ina inalembedwa kuti DCIM, dzina lomwe makamera ambiri ngakhalenso mafoni amapatsa malo osungiramo zithunzi. M'menemo munali kafoda kena, ndipo m'kafodamo munali zithunzi za JPG zitandandalikana.

Ndinafuula mpaka amalume anabwera m'manja muli nsima. Ataona, sanayambe ndi kundiyamikira. Anandigwira dzanja n'kundichenjeza kuti ndisasunthe, ndisafufute, ndisasinthe dzina la kanthu kalikonse m'menemo, chifukwa nkhokwe ikasokonezedwa pulogalamu ija ingalephere kuiwerenga. Choyenera ndi kukopera chabe. Tinakopera foda yonse ya DCIM n'kuiika panja, kenaka n'kutseka mtolo uja monga tinaupezera.

Zithunzi za agogo zinalipo zitatu. Ziwiri zinali zosaoneka bwino chifukwa anali akutembenuka, mwina atamva kale fungo la kamera. Chachitatu anali atakhala pamphasa pafupi ndi mbiya ya thobwa, akuseka mpaka maso kutsinzina.

Madzulo ake tinawaonetsa amayi. Anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, ife tonse tili chete. Kenaka analoza ndi chala n'kunena kuti, "Duku ilo ndi langa. Anandibwereka m'mawa wa ukwatiwo, ndipo sanandibwezere."